Foni Yakale Kapena Yatsopano? Tsiku Lobisika Limene Wogula Ayenera Kuliona

NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO

WOULUTSA: Lero pulogalamu ino yaima pa Mlangeni, m'boma la Ntcheu, pamene msewu wa M1 umayenda mogundizana ndi malire a dziko la Mozambique. Kuno ndi kwa kachewere, kabichi ndi matimati. Kunonso ndi kumene kuli sukulu yophunzitsa apolisi. Foni ya munthu wa kuno imatha kugona ili pa netiweki ya Malawi n'kudzuka itagwira ya ku Mozambique, mwini wake asanachoke n'komwe pamphasa. N'chifukwa chake ambiri amayenda ndi masimukhadi awiri, wina wa Airtel kapena TNM, wina wa Movitel kapena Vodacom.

Foni ya pa Mlangeni si yongoimbira. Mlimi akagulitsa matumba a kachewere kwa wamalonda wochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kawirikawiri ndalama zimalowa mu Airtel Money kapena mu Mpamba. Fizi ya mwana imadutsa momwemo. Mwana amene ali ku Joni akafuna kuona nkhope ya amayi ake, amaionera pa WhatsApp. Mitengo ya pa Lizulu ndi pa Tsangano imamveka pafoni galimoto isananyamuke. Tsono funso la lero ndi ili: foni imene yatha zaka 5 kapena 6, ikuyakabe, ikuimbabe, sikirini yake sinasweke, kodi ndi yoyenera kuidalira pa ndalama? Kapena yakwana nthawi yogula ina, pamene mitengo ya mafoni yakwera chonchi?

Yankho lake silili pa maonekedwe a foniyo. Lili pa tsiku lina lolembedwa m'kati mwake, limene eni mafoni ambiri sadalionepo.

NYIMBO YAIFUPI

Nkhaniyi iyambire mu July 2015. Katswiri wina wa ku America, Joshua Drake, wa kampani ya Zimperium, adaulula chiboo chimene adachipeza m'mafoni a Android. Chidatchedwa Stagefright. Chibooco chidali m'gawo la foni limene limatsegula mavidiyo. Wakuba ankangofunika kudziwa nambala ya munthu, n'kumutumizira uthenga wa MMS wokhala ndi kavidiyo kokonzedwa mwachinyengo. Pa mafoni ena mwini wake sankafunika kuutsegula uthengawo. Foni inkaulandira yokha, n'kuyamba kuuwerenga yokha, wakuba n'kupeza polowera. Akatswiri adawerengera kuti mafoni pafupifupi 950 miliyoni padziko lonse adali pangozi.

Dziko lidagwedezeka. Mwezi wotsatira, mu August 2015, Google idalonjeza kuti iyamba kutulutsa zokonza za chitetezo mwezi ndi mwezi, ndipo Samsung ndi LG zidalonjezanso chimodzimodzi. Zokonza zimenezi ndi zimene foni imazitcha update. Ndi kauthenga kaja kamene kamatulukira pamwamba pa sikirini, kamene anthu ambiri amakakankhira kumbali poopa kutha kwa bandulo.

Chimene chimachitika n'chakuti pulogalamu yoyendetsa foni idalembedwa ndi anthu, ndipo ndi yaitali zedi, mizere mamiliyoni ambiri. Zolakwika sizilephera. Zina zimapezeka foni itatha chaka pamsika, zina itatha zaka 4. Mu 2017 mudapezeka china chotchedwa BlueBorne, chimene chinkalola munthu amene ali pafupi kulowa m'foni kudzera pa Bluetooth yosiyidwa yoyatsa. Mu 2019 kampani ya WhatsApp idapeza kuti anthu pafupifupi 1,400 adalowedwa m'mafoni kudzera pa kuimbiridwa chabe, ndi pulogalamu yaukazitape ya Pegasus, ya kampani ya NSO Group ya ku Israel. Foni inkangolira, ngakhale mwini wake osayankha, zinthu n'kukhala zitalowa.

Aliyense woweta nkhuku pa Mlangeni amachidziwa chitopa. Katemera wake sapereka kamodzi n'kuiwala. Amabwereza pakapita miyezi ingapo. Nkhuku imene yalumpha katemera imaoneka bwinobwino, imadya, imaikira mazira, mpaka tsiku limene matenda afike m'mudzi. Foni imene idasiya kulandira update ili chimodzimodzi. Siidwala lero, koma matenda atsopano alionse akabwera amaipeza ilibe chitetezo.

Nanga n'chifukwa chiyani update imasiya kubwera? Apa ndi pamene pali nkhani ya ndalama. Google ikakonza chiboo mu Android, zokonzazo sizipita molunjika ku foni ya mlimi wa pa Mlangeni. Zimayamba zadutsa kwa kampani imene idapanga kachipangizo kamene ndi ubongo wa foniyo, monga MediaTek, Unisoc kapena Qualcomm. Zikachoka kumeneko zimapita kwa wopanga foni, kaya ndi Samsung, kaya ndi Transsion ya ku Shenzhen m'dziko la China, imene imapanga Tecno, itel ndi Infinix. Pamalo paliponse pamafunika akatswiri oti azisinthe kuti zigwirizane ndi mtundu wa foniyo, aziyese, kenaka azitumize. Akatswiriwo amalipidwa. Foni yotchipa phindu lake ndi lochepa, ndipo kampani imene imatulutsa mitundu yambirimbiri chaka chilichonse siikhala ndi chidwi chosamala mtundu wa dzana. Mafoni ambiri otchipa amalandira update kwa zaka ziwiri, ena osafika n'komwe. Tsiku limene asiya, palibe amene amaimbira mwini foni kumudziwitsa. Zimangoti zii.

Ngakhale mafoni odula ali ndi polekezera. Samsung Galaxy S7, imene idatuluka mu 2016, idasiya kulandira update mu 2020. Galaxy S9 ya 2018 idasiyidwa mu 2022, ndipo Galaxy S10 ya 2019 idasiyidwa mu 2023. Mafoni amenewa akadali m'matumba mwa anthu ambiri, ndipo akadagulitsidwabe ngati katundu wapamwamba.

NYIMBO YAIFUPI

Tsiku lobisika lija lili apa. Amene ali ndi foni ya Android pafupi aitenge. Alowe mu Settings, atsike mpaka pamene palembedwa About phone. Pa mafoni ena adinenso Software information kapena Android version. Apeza mzere wonena kuti Android security update kapena security patch level, ndipo pansi pake pali tsiku, mwezi ndi chaka. Limenelo ndi tsiku la katemera womaliza amene foniyo idalandira.

Tsikulo likakhala la miyezi ingapo yapitayi, foniyo ikusamalidwabe. Likakhala lopitirira chaka, mwini wake ayambe wafufuza ngati pali update imene ikumudikira, chifukwa nthawi zambiri vuto silikhala kampani koma mwini foni. Update imafuna zinthu zitatu zimene pa Mlangeni sizipezeka nthawi imodzi: bandulo yokwanira, batire lodzaza, ndi malo m'foni. Magetsi akazima, foni imakatchajidwa kometera tsitsi kapena pa sola ya mnansi, ndipo palibe amene amafuna kuwononga moto wolipira pa chinthu chosaoneka. Malo nawo amakhala atadzaza ndi mavidiyo a maukwati, a maliro ndi a ingoma, otumizidwa m'magulu a WhatsApp. Komabe kufufuta mavidiyo akale, kugula bandulo ya usiku n'kuisiya foni imalize ntchito yake ndi chinthu chotchipa kwambiri poyerekeza ndi kugula foni ina.

Koma tsikulo likakhala la zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, ndipo foni ikunena kuti palibe update ina, ndiye kuti kampani idaisiya.

Pali chitonthozo pang'ono. Kuyambira pa Android 10, imene idatuluka mu 2019, Google idapeza njira yokonzera zigawo zina za foni kudzera pa Play Store, osadikira wopanga foni. Pamalo omwe aja pali mzere wina wotchedwa Google Play system update. Umenewo umathandiza, koma sufika paliponse. Ziboo za m'kati kwenikweni zimadikirabe kampani. Kwa amene ali ndi iPhone nkhani imasiyanako, chifukwa Apple imapanga yokha foni ndi pulogalamu yake. Mu January 2023 idatumizabe zokonza za chitetezo ku iPhone 5s, foni ya 2013.

Foni yosiyidwa imayamba kuonekera pang'onopang'ono. Tiyerekeze mayi wogulitsa matimati amene wafika pa kabenchi ka wokonza mafoni.

"Achimwene, foni yangayi ikukana WhatsApp. Tandifulashireni."

"Mayi, kufulasha ndikhoza, koma mungotaya ndalama zanu. Ndikafulasha ndibwezeramo zomwe zija idabwera nazo kuchokera kufakitale. WhatsApp sikukana chifukwa foni yawonongeka ayi. Ikukana chifukwa foni yakalamba."

Wokonza mafoni wotereyu akunena zoona, ndipo ndi woyenera kumusunga. Pa 24 October 2023, WhatsApp idasiya kugwira ntchito pa mafoni a Android yochepera pa 5.0. Mu 2025 idasiyanso pa iPhone 5s, iPhone 6 ndi iPhone 6 Plus. Chrome, pulogalamu imene ambiri amatsegulira intaneti, idasiya kutumiza update ku mafoni a Android 8 ndi 9 mu August 2025. Mapulogalamu a mabanki nawo amafika pokana mafoni akale kwambiri. Kufulasha kumathandiza foni imene yasokonezeka, koma sikubweretsa chitetezo chimene kampani sidatumize.

NYIMBO YAIFUPI

Wina anganene kuti basi, nkhani yatha, aliyense agule yatsopano. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, chifukwa foni yatsopano m'manja siikhala yatsopano m'kati nthawi zonse.

Mafoni ambiri amene amafika m'midzi ya ku Ntcheu amabwera m'zikwama za abale ochokera ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town, ena amagulidwa ku Lilongwe ndi ku Limbe atagwiritsidwapo kale ntchito. Amakhala onyezimira, kamera yake yakuthwa, dzina lake lolemekezeka. Mnyamata amagulitsa itel yake n'kuwonjezera ndalama za kabaza kuti agule Galaxy S9, akuona ngati wakwera. Pa kamera wakweradi. Pa chitetezo mwina watsika, chifukwa wagula foni imene mwini wake weniweni, Samsung, adasiya kuisamala mu 2022. Mphatso ya ku Joni siikanidwa, ndipo palibe amene akunena kuti ikanidwe. Koma wolandira aone tsiku lija asanasamutsiremo ndalama zake zonse.

Pa mafoni a Huawei, amene adafala kwambiri ku South Africa, palinso mbuna ina. Mu May 2019 boma la America lidaletsa makampani ake kuchita malonda ena ndi Huawei, ndipo mitundu yatsopano imene idatuluka pambuyo pake idabwera yopanda Play Store. Wogula amene sakudziwa zimenezi amafika kunyumba n'kupeza kuti mapulogalamu amene adazolowera sakupezeka, ndiye amayamba kuwatola paliponse. Kutolatola kumeneko ndiye khomo lalikulu la akuba.

Ngakhale foni ya m'katoni, yosatsegulidwa, idakhalapo ndi mlandu. Mu August 2020, gulu la akatswiri lotchedwa Secure-D lidalengeza kuti lidapeza mapulogalamu oipa otchedwa Triada ndi xHelper m'mafoni a Tecno W2 pafupifupi 53,000, ogulitsidwa m'maiko monga Ethiopia, Ghana, Cameroon, Egypt ndi South Africa. Mapulogalamuwo ankadya bandulo ndi kuyesa kulembetsa eni mafoni ku zinthu zolipira iwo osadziwa. Mwini foni akafufuta zonse n'kuyambiranso, ankabwereranso. Transsion idati zoipazo zidalowetsedwa ndi kampani ina imene inkagwira nayo ntchito, ndipo idatulutsa zokonza. Taonani pamene mankhwala ake adadzera: pa update. Amene adaikankhira kumbali adatsala ndi matenda.

Palinso mafoni achinyengo, olembedwa Samsung kapena iPhone kunja koma m'kati muli zina. Njira imodzi yowagwirira ndi kudina *#06#. Foni imaonetsa nambala yake ya IMEI, ya manambala 15, ndipo iyenera kufanana ndi imene yalembedwa pakatoni. Wogulitsa amene akukana kuti wogula adine zimenezi, kapena kuti alowe mu Settings, wayankha kale funso.

NYIMBO YAIFUPI

Tsopano za thumba. Mafoni onse amene ali m'dziko muno amachokera kunja, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Mu May 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Mtengo wa foni udakwera limodzi ndi wa feteleza. Mlimi wa pa Mlangeni akaika foni ndi thumba la feteleza pa sikelo, feteleza amapambana, ndipo palibe wanzeru amene angamudzudzule. Malangizo onena kuti aliyense azisintha foni pakatha zaka ziwiri adalembedwera anthu a kwina.

Koma kwa amene wafika pogula, kaya ndi ndalama za kachewere kaya ndi gawo lake la ku banki m'khonde, pali kawerengedwe kamene kamasintha zinthu. Asamangofunsa kuti foniyi ndi ndalama zingati; afunsenso kuti yatsala ndi zaka zingati ikusamalidwa. Tiyerekeze mafoni awiri. Ina ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, ya dzina lalikulu, ya K240,000, koma yatsala ndi chaka chimodzi kuti kampani iisiye. Ina ndi yatsopano, yooneka wamba, ya K360,000, koma ili ndi lonjezo la zaka 6. Yoyambayo chitetezo chake chikudya K240,000 pachaka. Yachiwiriyo chikudya K60,000. Imene imaoneka yodula ndiye yotchipa.

Malonjezo otere alipo ndithu, ndipo akhala akutalika. Mu October 2023, Google idalonjeza zaka 7 za update pa foni yake ya Pixel 8. Mu January 2024, Samsung idalonjeza zaka 7 pa Galaxy S24. Amenewa ndi mafoni a anthu a ndalama, koma mwambowu watsikira ku mafoni apakati: Galaxy A15 idalonjezedwa zaka 5 za update ya chitetezo, ndipo Galaxy A16, imene idatuluka kumapeto kwa 2024, idalonjezedwa zaka 6. Ku Ulaya, kuyambira pa 20 June 2025, lamulo la European Union likukakamiza opanga mafoni kupereka update kwa zaka zosachepera 5 kuchokera pamene mtundu wa foniyo wasiya kugulitsidwa. Lamulolo silifika pa Mlangeni, koma mtundu wa foni umene umagulitsidwanso ku Ulaya uli ndi mwayi wosamalidwa nthawi yaitali.

Chenjezo lake ndi lakuti zaka za malonjezo a makampani aja zimawerengedwa kuchokera pamene mtundu wa foniwo udatuluka, osati pamene munthu waigula. Foni imene yagona m'shopu zaka ziwiri yadya kale zaka ziwiri za lonjezo lake ili m'katoni.

NYIMBO YAIFUPI

Nanga amene sangathe kugula, atani? Ameneyu ndiye womvera weniweni wa pulogalamu ino, ndipo sali pa mavuto aakulu monga mmene otsatsa malonda amafunira kuti aganize.

Poyamba, ndi bwino kunena mosabisa kuti zida zodula ngati Pegasus zimasaka atolankhani, andale ndi omenyera ufulu. Palibe amene angawononge chuma chotero pofuna kuba ndalama za matumba 10 a kachewere. Chimene chimagwira munthu wamba ndi ziboo zakale zimene zidaululika kalekale, zimene akuba ang'onoang'ono amazibisa m'mapulogalamu aulere. Foni yosiyidwa imakhala yotetezekako ngati mwini wake salowetsamo zinthu zosadziwika kumene zachokera.

Apa pakubwera mwambo umene achinyamata amaukonda: kuponyerana mapulogalamu pa Xender kapena pa Bluetooth pofuna kupulumutsa bandulo. Nyimbo ndi zithunzi zilibe vuto lalikulu. Koma pulogalamu imene yadutsa m'mafoni 20 isanafike kwa munthu, palibe amene angalumbire kuti ndi yomwe ija idachoka kwa mwini wake. Choopsa kwambiri ndi WhatsApp zosinthidwa, monga GB WhatsApp, FM WhatsApp ndi Yo WhatsApp, zimene zimakopa anthu ndi mitundu yokongola komanso kutha kuwerenga uthenga umene wina wafufuta. Kampani ya Kaspersky idapeza Triada yemwe uja mu FM WhatsApp mu 2021, ndiponso mu Yo WhatsApp mu 2022. WhatsApp yeniyeni imathanso kutseka nambala ya munthu amene akugwiritsa ntchito zoterezi. Munthu amene ali ndi foni yakale n'kuikamo GB WhatsApp waphatikiza zoopsa ziwiri pamodzi. Mapulogalamu azichokera pa Play Store, ndipo Play Protect, imene Google idaiyambitsa mu 2017 kuti iziyendera mapulogalamu a m'foni, ikhale yoyatsa. Pulogalamu ya tochi kapena ya masewera imene ikupempha chilolezo chowerenga ma SMS, ikanizidwe ndi kufufutidwa. Tochi ilibe ntchito ndi mauthenga a munthu.

Chachiwiri ndi chimene amalonda ena ochenjera akuchita kale: kusiyanitsa ndalama ndi zosangalatsa. Ndalama za Airtel Money ndi Mpamba sizikhala m'foni momwemo. Zimakhala ku kampani, zomangirizidwa ku nambala ya munthu ndi ku PIN yake. N'chifukwa chake *211# ya Airtel Money, *444# ya Mpamba ndi *626# ya National Bank zimagwira ntchito ngakhale pa kafoni ka mabatani. Kafoni kameneka, kamene achinyamata amakaseka, sikalowa mapulogalamu otoledwa pa intaneti, batire lake limatha masiku, ndipo mtengo wake ndi kachigawo chabe ka foni yaikulu. Simukhadi ya ndalama ikakhala m'kafoni ka mabatani, foni yakale ija ikhoza kupitiriza ntchito ya WhatsApp, Facebook ndi wailesi popanda kuika mpamba wa bizinesi pachiswe. Pa njira zonse zimene zatchulidwa lero, iyi ndiyo yotchipa kwambiri, ndipo kwa mlimi kapena wamalonda wamng'ono ndiyo yanzeru kuposa kukongola ndalama za katapila chifukwa cha foni.

Chachitatu ndi chowawa kuchimva. Ndalama zambiri zimene a Malawi amabedwa pafoni sizidutsa pa chiboo chilichonse. Zimadutsa pakhutu. Ndani sadalandirepo uthenga uja wonena kuti ndalama ija itumizidwe pa nambala iyi? Kapena munthu woimba mwaulemu, wodzitcha wa ku kampani ya mafoni, wonena kuti nambala itsekedwa lero ngati mwini wake satchula PIN? Wina amati watumiza ndalama molakwika ndipo akupempha kuti zibwezedwe, pamene uthenga umene waonekawo waulemba yekha. Wina amalonjeza kulowetsa dzina pa Mtukula Pakhomo kapena pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo. Nyuzipepala za m'dziko muno zalembapo kangapo za utambwali wotere wochitidwa ndi akaidi ena ali m'kati mwa ndende ya Zomba. Boma lidakhazikitsa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act mu 2016, ndipo mu 2018 bungwe la MACRA lidalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, koma akathyali sadathe. Pa akathyali amenewa, Galaxy S24 ndi kafoni ka mabatani n'chimodzimodzi. Munthu akatchula yekha PIN yake, palibe update imene ingamupulumutse.

N'chimodzimodzinso ndi manambala 6 aja amene WhatsApp imatumiza pa SMS. Wina akawapempha, ngakhale uthengawo ukuoneka ngati wachokera kwa alamu kapena kwa abusa, ndiye kuti akufuna kulanda WhatsApp yonse kuti ayambe kupempha ndalama kwa abale m'dzina la mwini wake. Mu Settings ya WhatsApp muli Two-step verification, pamene munthu amaika nambala yake yachinsinsi yowonjezera. Zimatenga mphindi ziwiri, ndipo zimatheka pa foni yakale ndi yatsopano yomwe.

NYIMBO YAIFUPI

Ilipo nthawi imene foni yakale iyenera kupuma pa ntchito zazikulu. Wothandiza anthu kutumiza ndi kutapa ndalama, amene foni yake imadutsa ndalama za anthu ambiri tsiku lililonse, asaseweretse mpamba wake pa foni yosiyidwa. Mphunzitsi, namwino kapena wapolisi amene malipiro ake amawaona pa pulogalamu ya banki, msungichuma wa mpingo kapena wa kalabu ya alimi, onsewa akaona kuti tsiku lija lapitirira zaka ziwiri ndipo update siikubweranso, ayambe kusunga ndalama za foni ina. Foni imene batire lake latupa mpaka kukankha chivundikiro isadikirenso mawa; imeneyo ikhoza kuyaka moto.

Foni yakaleyo ikamapita kwa mwana, kwa mphwake kapena kumsika, ichoke ili yoyera. Zithunzi zisamutsidwe, simukhadi ndi memory card zichotsedwe, akaunti ya Google itulutsidwe, kenaka foniyo ifufutidwe yonse pa Factory reset. Ambiri amagulitsa foni muli chithunzi cha chiphaso cha unzika ndi mauthenga onse a ku banki. Akaunti ya Google ikaiwalika m'menemo, wogulayonso amavutika, chifukwa foni imakana kutseguka mpaka mwini wakale apezeke.

Omvera a pa Mlangeni, a pa Lizulu, a ku Biriwiri ndi a tsidya ilo ku Angonia, pulogalamu ikangotha tengani foni yanu, lowani mu Settings, muone tsiku lija. Mukaliona, muonereninso amayi, agogo ndi aneba amene Chingerezi cha m'foni chimawavuta. Ndipo tsiku limene mudzapite kukagula ina, musatulutse ndalama wogulitsa asanakuonetseni tsiku lomwelo pa foni imene akukugulitsaniyo.



NYIMBO YOTSEKERA